Galaja ya malole imene inandisinthira mathanki a mpweya pa motorhome ku Elkhart: ntchito amaidziwa, koma foni sayankha

Abale anga a ku South Bend, Mishawaka mpaka kuno ku Elkhart, Indiana, amene mwayamba kugula ma motorhome (magalimoto okhala ndi nyumba mkati) akale aja a dizilo okhala ndi injini kumbuyo, ndikufuna ndikuuzeni za galaja ina imene inandisinthira mathanki a mpweya wa mabuleki, chifukwa vuto limeneli likubwerani ndithu kaya chaka chino kaya cha mawa. Kunena mwachidule ntchito anagwira bwino zedi, ndalama zinapita zambiri, ndipo pa nkhani yoyankha foni ndi anthu otopetsa kwabasi. Koma ndidzapitakonso, chifukwa chake ndi chimodzi, sanathamangire kungochotsa thanki yobooka nkuikapo ina, anayamba afufuza kaye chimene chinaibowola.

Dzina lawo sindilemba pano poti ndili nawo ndi madandaulo angapo, ofuna kupitako mudzandifunse tikakumana. Chofunika kudziwa nchoti ndi galaja ya malole, ya ma truck akuluakulu aja oyenda pa Toll Road, osati shopu ya ma RV (ma motorhome ndi ngolo zogonamo) ayi. Izi ndikuzinena dala chifukwa ambiri timaganiza kuti poti kuno ndi kwawo kwa ma RV, Thor ndi Forest River ali konkuno ku Elkhart, Jayco ali pa Middlebury, Newmar pa Nappanee, nde shopu iliyonse ya RV ikonza chilichonse. Sizili choncho. Motorhome ya dizilo nthawi zambiri imapangidwa ndi makampani awiri. Nyumba ija, mabedi, khitchini, filiji ndi ma slide (mbali za chipinda zimene zimakankhika kutuluka panja), amapanga ena, pomwe chesesi yonse ya pansi, mabuleki, mpweya, suspension ndi chiwongolero imachokera kwina, zambiri ndi za Freightliner ku Gaffney, South Carolina, kapena za Spartan ku Charlotte, Michigan. Shopu ya RV imene ndinayamba kupitako inandiuza mosabisa kuti iwo amakonza za m'nyumba basi, za pansi ndipite kwa a malole. Anandithandiza pondiuza zoona, ena akanangolandira galimoto nkumayesayesa.

Galimoto yangayo ndi ya 2004, yotalika mafiti 38, ndinaigula kwa munthu wina wachikulire amene anali atasiya kuyendetsa. Zizindikiro zinayamba pang'onopang'ono. Ukaiimika madzulo mivi yonse iwiri ya geji ya mpweya ili pa 120 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya), mmawa ukupeza yonse yagona pa ziro, galimoto yakhala pansi yapendekera mbali imodzi poti ma airbag, matumba a mpweya onyamula galimoto, aphwa. Ukaliza injini alamu ya mpweya ija imalira nthawi yaitali mpaka anthu oyandikana nawo kumasuzumira pa windo. Kenako panjira air dryer, chida chochotsa chinyezi mu mpweya, inayamba kumangoti pshhh pafupipafupi, pasanathe ndi mphindi ziwiri zomwe yachitanso, kusonyeza kuti kompuresa sikupuma, ikungopopa mpweya umene ukuthawira kwina. Apa mpamene madam anati galimoto imeneyi ana sakweranso mpaka ikaonedwe, ndipo ankanena zoona.

Tsiku limene ndinaipititsa, mkulu wa makanika, bambo wina wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, sanalowe pansi msanga. Anakhala pa mpando wa dalaivala ine ndili pambali, nkuyamba mayeso aja a mabuleki a mpweya amene ali mu buku la CDL, laisensi ya oyendetsa malole ndi mabasi, gawo 5. Ndikufuna ndikhalitse pano pang'ono chifukwa kuno ku Indiana motorhome yako yoyendera wekha sifuna CDL, laisensi wamba ya ku BMV, ofesi ya boma ya za magalimoto ija, ndi yokwanira, nde anthu ambiri tikuyendetsa chigalimoto cholemera ngati basi tisanaphunzirepo olo tsiku limodzi mmene mabuleki a mpweya amagwirira ntchito. Bukulo ndi laulere, liwerengeni.

Anatchinga matayala, nkuliza injini mpaka mpweya unadzaza, governor, kachida kolamulira kompuresa, nkuidula cha m'ma 125. Anati pabwinobwino imadula pakati pa 120 ndi 130, nkuyambiranso kupopa mpweya ukatsika cha m'ma 100. Kenako anazimitsa injini, kukankha batani lachikasu lija kuti mabuleki oimikira amasuke, kudikira mivi ikhazikike, nkuyang'ana wotchi. Galimoto imodzi yopanda ngolo siyenera kutaya kupitirira 2 psi pa mphindi imodzi mabuleki asanapondedwe, ndipo ukaponda nkugwira isapitirire 3 psi pa mphindi. Yanga muvi umodzi unkatsika ukuoneka ndi maso. Atatero anayamba kupondaponda buleki kuti aone alamu ilira pati, iyenera kulira mpweya usanatsike kupitirira cha m'ma 60, ndipo batani lachikasu liyenera kutuluka lokha pakati pa 20 ndi 45 kuti masipuling'i agwire matayala akumbuyo. Ziwirizi zinali bwino. Chomaliza anaona liwiro la kompuresa, kuchoka pa 85 kufika pa 100 iyenera kutenga masekondi osapitirira 45 injini ili pa liwiro loyendera, yanga inkachedwa.

Anandiuzanso chinthu china chimene chingakupulumutseni ndalama ena a inu. Anati kupeza mpweya watsika mmawa pakokha si umboni woti thanki yabooka, ma motorhome ambiri akale amataya mpweya usiku kudzera m'ma valavu a suspension, m'malumikizidwe a mapaipi, pena pa hutala ya mpweya kapena pa sitepe ya pakhomo. Ukawerengera 2 psi pa mphindi uona kuti olo galimoto yokhoza mayeso ikhoza kutha mpweya wonse usiku umodzi. Nde munthu akangomva kuti mivi ikugona mmawa nkukuuzani pa foni kuti gulani mathanki, asanaone ndi galimoto yomwe, muthaweni.

Atamaliza zimenezi mpamene anailowetsa mkati. Apa ndinaona kusamala kwawo, sanalole wina aliyense kulowa pansi asanaike zochirikiza zachitsulo pa felemu. Mnyamata wina anangoyamba kuwerama kuti asuzumire, mkulu uja anamukalipira pompo. Abale, nkhani iyi musaitenge mwamasewera. Galimoto imeneyi yakhala pa mpweya, ukamasula paipi imodzi yolakwika ma airbag amaphwa nthawi yomweyo ndipo chinyumba chonse chija chimatsika, ndipo pansi pake mpata ndi wochepa kale, munthu sungathawe. Ma jeki ake aja olinganizira galimoto pa kampu nawonso si odalira kuti ugone pansi pake. Amene mumakonda kukonza nokha pa driveway Loweruka, gulani kaye zochirikiza zoyenera kulemera kwa galimotoyo.

Chida chimene anapezera vuto ndi madzi a sopo mu botolo lopopera basi. Anadzaza mpweya kuchokera pa kompuresa ya galaja kuti pasakhale phokoso la injini, nkumawaza paliponse, pa ma valavu, polumikizira mapaipi, pa ma airbag, mpaka pa mathanki. Anandiitana kuti ndidzaone ndekha, zimene ndinayamikira kwambiri chifukwa magalaja ambiri kuno salola kasitomala kudutsa mzere wachikasu uja. Thanki yoyamba, imene amaitcha wet tank poti ndi imene imalandira mpweya koyamba kuchokera ku dryer, inali ikuchita thovu m'malo awiri, kunsi pafupi ndi valavu yokhetsera madzi komanso mmbali mwa lamba wachitsulo amene amaigwira ku felemu. Tibowo take tating'ono ngati pobaya singano, ndi maso okha sungatione. Thanki inayo sinali kuchita thovu koma atagogoda ndi kanyundo kunsi kwake dzimbiri linkagwa zigamba zigamba.

Kenako anatsegula valavu yokhetsera. Zimene zinatuluka mmenemo sindidzaiwala, madzi a bulawuni onunkha osakanikirana ndi mafuta, ambiri ndithu, ndipo valavu ina inali itatsekeka ndi dzimbiri moti anachita kuitokosa ndi waya. Mkulu uja anati vuto lanu lenileni ndi ili, thankiyo yangotsatira.

Mmene anandifotokozera ndi chonchi. Kompuresa imakoka mpweya wa panja womwe uli ndi chinyezi, ndipo kuno nthawi yotentha chinyezi nchambiri. Ikaupanikiza umatentha, ukamazizira m'mapaipi ndi mu thanki chinyezi chija chimasanduka madzi. Ntchito ya air dryer, kaya ndi ya Bendix, ya Wabco kapena ya Haldex, ndi kugwira madziwo asanafike mu thanki, mkati mwake muli katiriji yodzaza timikanda toyamwa chinyezi, ndipo phokoso la pshhh lija ndi pamene ikulavula madzi amene yagwira. Timikandato timatopa, makamaka mafuta ochokera ku kompuresa akatikuta, nde katiriji imayenera kusinthidwa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Yanga anati ikuoneka kuti yakhala zaka zambirimbiri, ndipo kahita kake kamene kamaletsa valavu yolavulira kuuma ndi chisanu kanali katafa. Madzi ankangodutsa nkukakhala pansi pa thanki, ndipo thanki yachitsulo imachita ngati ndowa imene mwaisiya ndi madzi pakhonde miyezi, imayamba kudyeka kunsi mkati kunja penti ikuonekabe bwino. Motorhome imavutika kuposa lole pa nkhani imeneyi chifukwa lole imayenda tsiku lililonse ndipo dalaivala amakhetsa mathanki, pomwe yathuyi imaima kuyambira Novembala mpaka Epulo madzi ali chikhalire.

Kunja nako kuli mdani wake, mchere. Tonse tikudziwa mmene snow ya ku Lake Michigan imagwera kuno ndi mchere umene amathira m'misewu. Ukayenda ulendo umodzi wokha mu Disembala, tinene kuthawira ku Florida, madzi amchere aja amalowa pakati pa lamba ndi thanki, pamalo poti sipauma msanga ndipo sungatsukepo, nde amadya chitsulo mwakachetechete. Thanki yanga inadyedwa mbali zonse ziwiri, mkati ndi madzi kunja ndi mchere. Si vuto la amene anaipanga, chitsulo cha zaka 20 chosasamalidwa chimatero.

Tsopano nkhani yowotcherera, imene ndikudziwa kuti ena a inu mwaiganiza kale mukuwerenga. Ife tinakula tikuona chitsulo chilichonse chikabooka timapita nacho kwa owotcherera, ekizozi, thanki ya madzi, geti, zonse zimachira. M'bale wina amene amawotcherera ku fakitale konkuno, waluso lake ndithu, anandiuza kuti achimwene bweretsani ndiikepo chigamba, musataye ndalama. Ndinawafunsa a galajawo ngati angatero iwo kapena ngati angaikenso thankiyo nditakawotcherera kwina. Anakana zonse ziwiri, osazengereza. Ndinafunsa chifukwa ndipo yankho lawo linandigwira mtima. Anati bowo limene ukuliona ndi pamene dzimbiri layamba kutulukira, koma chitsulo chonse chozungulira pamenepo chapyapyala kale mkati, nde ukawotcherera moto umafooketsanso mphepete mwa chigambacho komanso umapsereza zokutira za mkati zimene zimateteza ku dzimbiri. Kenako anatenga pepala nkuwerengera pamaso panga. Thanki yoti kukamwa kwake ndi mainchesi 10, chivundikiro chake chakumapeto chili ndi malo okwana ma square inch 78 ndi theka, uchulukitse ndi 120 psi, zikukwana mapaundi oposa 9,400, kutanthauza matani anayi ndi kanthu akukankha chivundikiro chimodzi chokha. Valavu yotetezera imatseguka pa 150, nde pena mphamvuyo imaposa pamenepo. Anati thanki yotere ikang'ambika sichenjeza, ndipo ikang'ambika uli pa liwiro la mamailosi 65 pa ola pa msewu waukulu mpweya ukatha masipuling'i amagwira matayala akumbuyo okha osakufunsa, kaya kumbuyo kwako kuli lole kaya kulibe. Za guluu wachitsulo uja wosakaniza anangopukusa mutu.

Atachotsa thankiyo anaidula pakati ndi chopukusira kuti andionetse, sindinawapemphe. Kunsi konse kunali maenje maenje, pena chitsulo chatsala chopyapyala moti ukhoza kubowola ndi sikuludiraiva pamanja. M'bale wanga wowotcherera uja nditamuonetsa chidutswacho anavomera yekha kuti panalibe pogwira chigamba.

Pa thanki yachiwiri ija, imene sinali kutulutsa mpweya, sanandikakamize. Anati ikhoza kupirira chaka kapena ziwiri, koma poti afika kale pamenepo ndipo mapaipi amasulidwa kale, leba yobwereranso ingadzandidyere kawiri. Anandisiya ndisankhe ndekha. Ndinati sinthani zonse. Thanki imeneyi kunja imaoneka imodzi koma mkati ndi yogawidwa pawiri ndi chitsulo, nde anati palinso chiopsezo choti chogawacho chikadyeka mbali ziwirizo zimasanduka imodzi iwe osadziwa, pomwe cholinga chokhala ndi mbali ya primary ndi ya secondary, mivi iwiri ija pa geji, nchoti ina ikafa inayo ikuimitse galimoto.

Apa mpamene panayambira zondikwiyitsa. Mathanki anaitanitsa pogwiritsa ntchito VIN, nambala yozindikiritsa chesesi, osati dzina la kampani yomanga nyumba, ndipo anandichenjeza kuti galimoto ya 2004 zinthu zake sizipezeka pa shelefu. Zimenezo ndinazimvetsa. Chimene sindinamvetse nchoti atandiuza kuti tikuimbirani katundu akafika, kunali zii. Ndikaimba foni imangolira, pena ayankha mayi wa pa ofesi nkuti ndifunsa kaye kuseri ndikuimbiraninso, osaimba. Sabata imene anandilonjeza inasanduka pafupifupi mwezi, ulendo umene tinakonza ndi ana wopita ku Michigan tchuthi chisanathe unafera pomwepo. Nditapita ndekha kukaona ndinapeza kuti thanki imodzi inabwera yolakwika, mabowo olumikizira mapaipi anali mbali ina, nde anaibweza. Kubweza anachita bwino, koma bwanji osandiuza? Uthenga umodzi wokha pa foni bwenzi nditasintha mapulani mtima uli m'malo. Komanso zikuonekeratu kuti malole a makampani ndi amene amakhala patsogolo, lole ikangofika motorhome imakankhidwira panja. Ndikumvetsa kuti amenewo ndiwo amawadyetsa chaka chonse, koma akanangonena poyamba pomwe.

Chifukwa chimene anabwezera thanki yolakwikayo ndi chimodzi mwa zimene zikundichititsa kuwakhulupirira. Ndinawafunsa kuti bwanji osangoika ina iliyonse yokwana pamalopo, poti pa intaneti mathanki otchipa ndi mbwee. Anati thanki ina yosakhala ya kampani ikhoza kuikidwa, palibe choletsa, bola ikhale yopangidwira mabuleki motsatira muyezo wa SAE J10, osati zija za ma kompuresa a m'nyumba kapena zoseweretsa suspension ya magalimoto ang'onoang'ono, ndipo isachepe kuposa yakale. Lamulo la boma la mabuleki a mpweya, FMVSS 121, limafuna kuti mathanki onse pamodzi asunge mpweya wochuluka ka 12 kuposa umene ma chamber onse, timiphika tolandira mpweya wokankha mabuleki, amatenga, nde ukaika yaing'ono wachepetsa maulendo amene ungaponde buleki kompuresa itafa. Mabowo akakhala malo olakwika umayamba kupinda mapaipi ndi kuwonjezera zolumikizira, ndipo cholumikizira chilichonse ndi malo ena odzatulukira mpweya mtsogolo. Anatchulanso za mathanki a aluminiyamu amene sachita dzimbiri, koma anati ndi odula ndipo oyenera pamalo anga sanapezeke, nde tinakhala pa achitsulo.

Bilu inakwera kuposa koteshoni. Izi sindikuwaimba nazo mlandu kwambiri chifukwa anandionetsa mabawuti amene anachita kuwadula ndi moto, malamba onse anali atadyeka, ndipo zolumikizira zamkuwa zina zinakana kumasuka pa mathanki akale. Koma apanso akanaimba kaye asanapitirire ndalama imene tinagwirizana. Zonse pamodzi, mathanki awiri, malamba, ma valavu okhetsera, ma check valve oletsa mpweya kubwerera, katiriji ndi zokonzera dryer, kuphatikiza leba, zinadutsa pang'ono madola 2,000, ndipo zoposa theka inali leba. Mathanki enieniwo si odula kwambiri, chodula ndi maola a munthu amene wagona chagada kulimbana ndi dzimbiri. Amene muli ndi galimoto yoti pansi pake mpoyera mwina mulipira zochepa.

Zina zing'onozing'ono. Galimoto inakhala panja nthawi yonseyo osailumikiza ku magetsi, nde ndinapeza mabatire a m'nyumba atatsika kwambiri, mukamakaisiya muzimitse switch yaikulu ya mabatire ndipo mu filiji musasiyemo kanthu. Pa kapeti pafupi ndi mpando wa dalaivala anasiyapo chidindo cha nsapato ya girisi, madam sanasangalale nazo olo pang'ono. Anthuwa anazolowera malole, saganiza kuti akulowa m'nyumba ya munthu, nde yalani makatoni kapena nsalu yakale nokha musanawapatse makiyi. Podikirira pawo ndi kachipinda ka mipando itatu ndi khofi wozizira, osapitako ndi ana.

Koma ntchito yeniyeniyo, abale, ndi yaukhondo. Ndinalowa pansi ndi tochi tsiku lotenga galimoto, zochirikiza zili pomwepo. Pakati pa lamba ndi thanki anaikapo mphira kuti chitsulo chisakhudzane ndi chitsulo komanso madzi amchere asakhalepo. Mapaipi a nayiloni amene anali atakhakhala anawadula nkuika atsopano, zolumikizira zonse ndi zija zolembedwa DOT, chizindikiro choti nzoyenera mabuleki, osati za mapaipi a madzi za ku hardware. Anamanga mapaipi bwinobwino kuti asakhuzane ndi felemu. Chimene chinandisangalatsa koposa ndi zingwe zokhetsera madzi. Zakale zinali zitaduka kalekale moti sindinkadziwa nkomwe kuti zimayenera kukhalapo, iwo anaika zatsopano nkuzikokera mpaka pafupi ndi tayala lakutsogolo poti ndikhoza kukoka nditangogwada osalowa pansi. Sanandilipiritse padera pa zimenezi. Anati muzikoka musananyamuke ulendo komanso mukamaiimika nthawi yachisanu, pakatuluka mpweya wokha ndiye kuti dryer ili moyo, mukaona madzi kapena mafuta bwerani msanga, chifukwa mafuta ambiri amatanthauza kuti kompuresa yayamba kutha. Anawonjeza kuti madzi amenewo Januwale akafika amauma m'ma valavu nkutseka mpweya, nde nkhani si dzimbiri lokha.

Pofufuza anapezanso valavu imodzi yolinganiza kutalika kwa suspension kumbuyo ikutulutsa mpweya pang'ono, ndi imene inkachititsa kuti galimoto ipendekere mbali imodzi. Anandiuza mtengo, nkunena kuti sikhudza mabuleki chifukwa pali valavu ina imene imatseka mpweya wopita ku suspension mphamvu ikatsika, kuti wotsalawo usungidwire mabuleki. Anati ikhoza kudikira ngati thumba lapepuka. Inadikiradi, ndipo sanandiopseze kuti ndisinthe tsiku lomwelo. Galaja ina ikanalemba zonse pa bilu imodzi nkukuuza kuti apo ayi galimoto situluka.

Tisanasiyane mkulu uja anandikhazika pa mpando wa dalaivala kuti mayeso aja ndichite ndekha iye akuyang'ana. Kudzaza mpweya, kuzimitsa injini, kukankha batani lachikasu, kuyang'ana wotchi, kuponda nkugwira, muvi sunasunthe. Manambala onse anawalemba pa lisiti, pamene governor ikudula, pamene alamu ikulira, pamene batani likutuluka, ndi tsiku limene katiriji yasinthidwa kuti ndidzadziwe nthawi yosinthanso. Anandichenjezanso kuti ma chamber akumbuyo aja okhala ndi sipuling'i ndisadzayerekeze kuwatsegula ndekha, sipuling'i ya mmenemo ndi yamphamvu moti imapha munthu. Panopa dryer imalavula patalipatali mmene iyenera kuchitira, ndipo mmawa alamu imangolira pang'ono nkusiya.

Amene mukufuna kugula motorhome ya mtundu umenewu kwa munthu, makamaka yoti yakhala kuno kumpoto, mufunseni mwini wakeyo kuti katiriji ya dryer anasintha liti, akayamba kuyang'ana kumwamba dziwani kuti sanasinthepo. Kokani zingwe zokhetsera pamaso pake muone chotuluka, chitani mayeso a mphindi imodzi aja, ndipo ngati nkotheka mupite nayo ku galaja ya malole ikaonedwe pansi musanapereke ndalama. Ambiri timathera nthawi kuyang'ana sofa ndi ma TV.

Galaja imeneyi ndingaipereke kwa aliyense amene ali ndi vuto la mpweya, mabuleki kapena suspension, bola musakhale ndi ulendo wa sabata yamawa. Pitani nayo mu Okutobala mukamaiimika kapena kumayambiriro kwa Malichi anthu asanadzadze, muwauze kuti koteshoni ailembe papepala ndipo asapitirire ndalamayo osakufunsani, komanso mutenge nambala ya foni ya mkulu wa makanika weniweniyo osati ya pa ofesi. Valavu ya suspension yotsala ija ndakonza zokaisinthitsa komweko chisanu chisanayambe.